Kodi nkhawa yachulukadi masiku ano, kapena tangoyamba kuitchula?

Mayi wa Atatu:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe landikhala pamtima. Kulikonse komwe ndikucheza ndi anthu masiku ano, nkhani ikumathera pa kusowa tulo, mtima kuthamanga, mutu wosapola. Anzanga a kuntchito, achibale, ngakhale ana asukulu omwe sanayambe n'komwe kulipira lendi, onse akuti ali ndi nkhawa. Kodi vutoli lakuladi, kapena linalipo kale koma anthu ankangolimeza? Ngati lakula, chalikulitsa n'chiyani? Ndikufunsa chifukwa mwana wanga wamkulu wayamba kudandaula zomwezi, ndipo sindikufuna kumuyankha mwachibwana.

Agogo Aamuna:
Amayi, ine ndinene maganizo anga ngakhale ena sawakonda. Ife tinakula movutika kuposa ana a lero. Mwana ankadwala usiku popanda galimoto yomutengera kuchipatala. Kalata inkatenga milungu kuti ifike. Wachibale akapita kutali kukagwira ntchito, chaka chinkatha osamva ngati ali moyo. Koma sindikumbuka munthu akunena kuti walephera kudzuka chifukwa cha nkhawa. Lero zinthu zaphweka, madandaulo ndiye achuluka. Ine ndikuona kuti kaleredwe kathu kafewa.

Namwino Wopuma:
Agogo, zoti munavutika palibe angatsutse. Koma ine ndagwira ntchito m'zipatala zaka zambiri, ndipo anthu a msinkhu wanu ndinkawaona. Sankabwera kudzanena kuti ali ndi nkhawa. Ankabwera ndi mutu, m'mimba mowotcha, pachifuwa polemera, kapena amati "china chake chikundiyenda m'thupi." Tiyeze magazi, palibe. Tiyeze BP, ili bwino. Mwezi wamawa abweranso ndi zomwezo. Ukakhala naye pansi n'kumufunsa za kunyumba, m'pamene misozi imatuluka. Ena ankathawira ku mowa. Ena ankangokhala aukali, moti akalowa m'nyumba ana onse ankachita zii. Nkhawayo inalipo, koma inkatulukira khomo lina.

Pa funso la amayi, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, kutanthauza pafupifupi anthu 4 mwa 100 alionse. Mwa amenewa, 58 miliyoni anali ana ndi achinyamata. Palibe vuto lina la m'maganizo lofala kuposa limeneli, ndipo akazi amapezeka nalo kwambiri kuposa amuna. Chomwe chimandiwawa ine n'chakuti mwa anthu anayi ofunika thandizo, ndi mmodzi yekha amene amalilandira.

Wophunzira za Maganizo:
Anamwino ayala bwino. Ndingowonjezera kuti chiwerengerocho si cha aliyense amene amada nkhawa, kukadakhala choncho bwenzi tonse tili momwemo. Kuda nkhawa mayeso akayandikira, kapena mwana akachedwa kufika pakhomo, n'chibadwa ndipo kumathandiza. Timayamba kunena za matenda pamene nkhawayo yakula kuposa chomwe chaiyambitsa, ikukana kuchoka, ndipo yayamba kumulanda munthu tulo, ntchito ndi macheza. Pali mtundu wina womwe munthu amangodera nkhawa chilichonse, ichi chikatha walumphira pa china, ndipo madokotala amautenga kukhala matenda ukakhalapo masiku ambiri kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Palinso mantha ogwa mwadzidzidzi, kuopa kuonekera pagulu, ndi kuopa chinthu chimodzi monga malo otsekeka kapena jakisoni.

Zoti yachuluka kapena ayi, yankho lake lili pawiri. Ofufuza ena anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri wa pakati pa 1990 ndi 2010, ndipo mu 2014 analengeza kuti odwala anachulukadi, koma chifukwa choti anthu padziko anachulukanso. Gawo la odwala pa anthu 100 alionse silinasinthe kwenikweni. Apa Agogo ali ndi mfundo, mbali ina n'kuti tayamba kulankhula. Komabe mu Malichi 2022 WHO inanena kuti m'chaka choyamba cha mliri wa Covid-19, nkhawa ndi matenda a kukhumudwa zinakwera ndi 25 peresenti padziko lonse. Ndipo m'mayiko ngati America ndi Britain, achinyamata odandaula za nkhawa akhala akuchuluka kuyambira cha m'ma 2012, mliriwo usanamveke n'komwe.

Dalaivala:
Ine za manambala sindizidziwa achimwene, koma ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Ndinali pachiwongolero, ndaima pamzere wa magalimoto. Panalibe ngozi, panalibe wondikwiyitsa. Mwadzidzidzi mtima unayamba kugunda mwamphamvu, manja anachita dzanzi, thukuta lili kamukamu. Mpweya ndikaukoka unkathera pakhosi, osafika pansi. Ndinatsitsa galasi, ndinamasula mabatani a malaya, osathandiza. Mumtima ndinatsimikiza kuti ndikufa, ndipo chomwe chinabwera m'mutu n'chakuti ana anga awauza ndani. Ndinapatukira pambali, patapita kanthawi zinadekha, thupi lonse n'kutsala lili lefu.

Kuchipatala anandiyeza mtima, magazi, shuga, zonse zili bwinobwino. Anangoti, "Bambo mulibe kanthu, kapumeni." Mawu amenewo anandiwawa kuposa matendawo. Mulibe kanthu bwanji munthu ndangotsala pang'ono kufa? Kuyambira pamenepo ndinayamba kuopa mzere wa magalimoto. Ndinkazungulira njira zakutali, kenako ndinayamba kukana maulendo ena. Zolowa zinachepa, nkhawa ya ngongole n'kusanjikizana pamwamba. Kunyumba sindinauze aliyense. Mwamuna unganene bwanji kuti ukuopa msewu womwe umadyerapo?

Namwino Wopuma:
Pepani kwambiri bambo. Akanayenera kukuuzani kuti mtima wanu uli bwino, koma chomwe chinakugwiranicho n'chenicheni ndipo chili ndi thandizo.

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, ntchito yake n'kununkhiza zoopsa. Kakamva choopsa sikadikira kuti muganize kaye. Uthenga umathamangira ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa timadzi tochenjeza thupi totchedwa adrenaline, kenako cortisol. Mtima umafulumira kuti magazi apite ku minofu ya miyendo ndi manja, kupuma kumafulumira, kugaya chakudya kumaima. N'chifukwa chake m'kamwa mumauma ndipo m'mimba mumatembenuka. Katswiri wa ku America Walter Cannon anazifotokoza kale zimenezi mu 1915, kuti thupi limakhala likukonzekera kumenyana kapena kuthawa. Dzanzi lija ndi chizungulire zimabwera chifukwa munthu akupuma mwaphuma, n'kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide wambiri kuposa muyezo. Ukaona dzanzi mantha amakula, mantha akakula kupuma kumafulumiranso. Koma zimafika pachimake m'mphindi zochepa, n'kutsika zokha.

Ine ndimayerekeza ndi galu wolondera pakhomo. Ndi wofunika, popanda iye akuba alowa. Koma galu yemwe usiku uliwonse akumva phokoso, osapumula, amafika pouwa ngakhale tsamba likagwa. Thupi lathu limadziwa bwino choopsa chomwe chimabwera n'kupita: njoka yadutsa, mtima wabwerera m'malo. Ngongole sidutsa. Lendi, ntchito yosadalirika, uthenga wa abwana usiku, zonsezi sizifika pamene thupi limamva kuti basi zatha, pumula.

Agogo Aamuna:
Anamwino, apa m'pamene ndikukana. Kodi njala inkadutsa tsiku limodzi? Chilala, nkhondo, matenda opanda mankhwala, zimenezi zinkakhala miyezi ndi zaka. Musatiuze kuti makolo ankangothawa njoka basi.

Wophunzira za Maganizo:
Zoona Agogo, mavuto okhalitsa si atsopano. Chomwe ine ndikuona kuti chakula ndi kusadziwa za mawa. Mu 2016 akatswiri a ku University College London anatulutsa zotsatira za kafukufuku wosavuta kumva. Anthu ankasewera pa kompyuta, kumagubuduza miyala, ndipo pansi pa mwala pakakhala njoka ankamenyedwa ndi magetsi pang'ono padzanja. Ofufuzawo ankayeza thukuta ndi kukula kwa mwana wa diso. Anapeza kuti anthu ankapanikizika kwambiri pamene mwayi womenyedwa unali theka ndi theka, kuposa pamene ankadziwiratu kuti magetsi akubwera ndithu. Ululu wodziwika munthu amaukonzekera. Wosadziwika umamusiya ali chilili.

Tsono taonani moyo wa lero. Munthu akuphunzira zaka zambiri osadziwa ngati pepalalo lidzamupezetsa ntchito. Akaipeza, ndi ya kontilakiti ya miyezi ingapo. Mitengo ya zinthu sikhazikika, nyengo nayo yasokonekera. Mu 2021 ofufuza anafunsa achinyamata 10,000 a zaka 16 mpaka 25 m'mayiko 10, ndipo 59 mwa 100 alionse anati akuda nkhawa kwambiri ndi kusintha kwa nyengo. Kale moyo unali wowawa, koma njira yake inkaoneka, ndipo vuto likagwa linkagwera onse pamodzi. Kuyambira cha m'ma 2007 anthu oposa theka la dziko lonse akukhala m'mizinda, ambiri pakati pa anthu osawadziwa, aliyense ndi vuto lake m'chipinda chake.

Mwatchula nokha za kalata yotenga milungu. Kudikirako kunali kowawa, koma pakati pa kalata iyi ndi inayo mutu unkapuma. Lero ngozi ya kutsidya kwa nyanja ikufika m'manja mwako ndi kanema yemwe pasanathe mphindi khumi, ndipo amygdala yomwe anena anamwinoyi sisiyanitsa bwino chapafupi ndi chakutali.

Wakukoleji:
Agogo, mundilole ndiyankhe monga mmodzi mwa ana a lerowo. Sitikunamizira ayi. Ine ndimagona foni ili pansi pa pilo. Ndikatumiza uthenga pa WhatsApp, timizere tiwiri n'kusanduka tabuluu koma yankho osabwera, mutu umayamba: ndalakwa chiyani, wakwiya kodi, kapena akundinena kwina. Ndimabwerera kukawerenga zomwe ndalemba, kufunafuna liwu lomwe lamukhumudwitsa. Ndikalowa pa Instagram kapena TikTok ndikupeza mnzanga wa kalasi imodzi wayamba ntchito, wina wakwatiwa, wina ali pabwalo la ndege. Ndimadziwa kuti palibe amaika chithunzi cha tsiku lomwe analira, koma kudziwako sikuletsa mtima kuwawa. Inu munkadziyerekeza ndi anthu ochepa omwe munkawaona maso ndi maso, ndipo mavuto awo munkawadziwa. Ife tikudziyerekeza ndi anthu masauzande, aliyense pa tsiku lake labwino.

Chinanso, cholakwa sichiiwalikanso. Ukapunthwa polankhula pagulu, wina wajambula kale. Ndiye timakhala tcheru nthawi zonse. Pamwamba pa zonsezi pali makolo omwe anadzimana kuti ndiphunzire, ndi azing'ono anga omwe akuyang'ana kwa ine. Ndikalephera sindilephera ndekha.

Agogo Aamuna:
Mdzukulu wanga, ndakumva. Koma bwanji osangoizimitsa foniyo?

Wakukoleji:
Notsi za m'kalasi zili momwemo Agogo, kageni kanga kali momwemo, ntchito nazo amalengezera momwemo. Ndikaizimitsa tsiku limodzi ndimaopa kuti mwayi wandidutsa. Ndipo mapulogalamuwa anawakonza mwadala kuti asakhale ndi mapeto, ukangokoka chala pabwera china.

Mphunzitsi:
Ine ndimaphunzitsa ana a sekondale, ndipo zomwe akunena mwanayu ndimaziona m'mawa uliwonse: maso ofiira, mutu uli pa desiki phunziro loyamba lisanathe. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, koma ambiri akuwadulira pafoni. Kusowa tulo kumakuza nkhawa, nkhawa n'kulandanso tulo totsalato. Maboma ena ayamba kuchitapo kanthu. Mu Meyi 2023 dokotala wamkulu wa boma la America, Vivek Murthy, anachenjeza za masamba a mchezo ndi thanzi la m'maganizo la achinyamata. Mu Novembala 2024 nyumba ya malamulo ya Australia inavomereza lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala pamasamba amenewa.

Koma tisanamizire foni zonse. Akatswiri eniake akutsutsanabe kuti gawo la foni pa vutoli ndi lalikulu bwanji. M'kalasi mwanga muli ana omwe alibe foni n'komwe. Muli mtsikana wina yemwe chitseko chikangomenyetseka ndi mphepo amadzidzimuka mpaka cholembera kugwa pansi, kenako amayang'ana uku ndi uku kuona ngati ena amuona. Kwawo kumakhala ndewu. Muli mnyamata wanzeru yemwe mayeso akayandikira amasanza, chifukwa anamuuza kuti akalakwa basi sukulu yathera pomwepo. Umphawi, nkhanza za m'banja, imfa ya kholo, kuzunzidwa ndi anzako, zimenezi n'zakale ndipo zimasiya chipsera chakuya. Mantha anga ndi akuti tikathamangira kudzudzula foni, tipeza pobisalira kuti tisayang'ane zomwe zikuchitika m'nyumba mwathu.

Wa mu Ofesi:
Aphunzitsi mwanena za ana, ine ndinene za akuluakulu. Kale ukaweruka unkaweruka. Lero ofesi imakutsata mpaka kuchipinda. Usiku foni ingoti ngwee, uone ndi abwana, angolemba kuti "tionane m'mawa" osanena nkhani yake. Usiku wonsewo umakhala ukudziweruza wekha, kukumbukira chilichonse chomwe mwina unalakwitsa mwezi wonse. M'mawa upeza kuti amangofuna fayilo. Koma tulo tapita kale.

Ku France anaika lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017, lopatsa antchito a m'makampani akuluakulu ufulu wosayankha mauthenga a kuntchito nthawi yoweruka ikakwana. Si chifundo chabe. WHO ndi bungwe la zantchito la ILO amati chaka chilichonse masiku ogwira ntchito okwana 12 biliyoni amatayika chifukwa cha nkhawa ndi kukhumudwa. Ndiye mukatiuza kuti tizipuma mozama ndi kuganiza zabwino, ine ndimati chabwino, koma wotumiza uthenga usikuyo nayenso auzidwe.

Mkulu wa Mpingo:
Abale ndi alongo, ndawerenga zonse. Ine ndikuona kuti chimodzi chomwe chikusowa ndi pokhazika mtima. Munthu wopemphera amakhala ndi kotula katundu wake, amakhalanso ndi anzake omwe amamufunafuna akasowa. Anthu ambiri lero alibe zonse ziwiri. Si zodabwitsa kuti mitima ili m'mwamba.

Wakukoleji:
Abambo, ine ndimapemphera. Koma nditafotokozera munthu wina wachikulire za vuto langa, anandiuza kuti chikhulupiriro changa n'chochepa. Ndinabwerako ndi nkhawa ziwiri, yakale ija ndi yoti mwina ndine wochimwa kuposa ena. Sindinauzenso munthu kwa nthawi yaitali.

Mkulu wa Mpingo:
Mwana wanga, amene anakuuza zimenezo sanakuthandize. Wodwala shuga timamupempherera, komanso timamuperekeza kuchipatala, ndipo palibe amamufunsa za chikhulupiriro chake. Iwenso n'chimodzimodzi. Usasiye kupemphera, ndipo usachite manyazi kukaonana ndi aphungu.

Mayi wa Atatu:
Zikomo nonse. Koma anamwino, chikundizunguza n'chakuti ana anga onse anakulira m'nyumba imodzi, mavuto ndi omwewo, mafoni ndi omwewo. Bwanji mmodzi yekha ndiye wagwidwa? Ndipo ndiyambire pati?

Namwino Wopuma:
Amayi, anthu sitibadwa ofanana. Kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chiopsezochi limachokera kumtundu. Zotsalazo ndi zomwe munthu wakumana nazo, ndipo ana a m'nyumba imodzi sakumana ndi zofanana. Wamkulu kawirikawiri amaona ndi kumva zambiri zomwe ang'ono amabisiridwa.

Poyambira ndi kuchipatala, chifukwa pali matenda a m'thupi omwe amaoneka ngati nkhawa. Chithokomiro, chiwalo chaching'ono cha pakhosi, chikamagwira ntchito mopyola muyezo, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, munthu amaonda. Kuchepa kwa magazi nako kumathamangitsa mtima ndi kubanikitsa. Shuga akatsika munthu amatuluka thukuta n'kunjenjemera. Afunseninso zomwe akumwa. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija ana amakonda powerenga zili ndi caffeine, ndipo pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala lidakali m'magazi. Chamba nacho ena chimawagwetsera mantha aakulu.

Kunyumba, musayambe ndi uphungu. Mufunseni kuti zimayamba nthawi yanji, amamva bwanji m'thupi, amaganiza chiyani zikayamba, inu n'kukhala chete kumvetsera. Mawu oti "usadandaule" kapena "ungoiwala" asiyeni, akanatha kuiwala akanaiwala kale. Ndipo ngati atanena zoti moyo watopa nawo, musadikire mawa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira pakamwa.

Wophunzira za Maganizo:
Ndibwerere kwa a Dalaivala, chifukwa nkhani yawo ikuonetsa chomwe chimachititsa kuti nkhawa ikhalitse. Atazungulira njira yakutali tsiku loyamba, mtima unakhala pansi. Ubongo unaphunzira kuti ndapulumuka chifukwa ndathawa. Mawa lake mantha anakula, malo othawa anachuluka. Kupewa kumatonthoza lero, koma ndi komwe kumadyetsa nkhawayo.

Thandizo lomwe layesedwa kwambiri ndi uphungu wotchedwa CBT, womwe maziko ake anayalidwa ndi dokotala Aaron Beck cha m'ma 1960. Phungu amakuthandiza kugwira ganizo lomwe likukuopseza n'kuliyeza ngati lili loona, kenako mumabwerera pang'onopang'ono ku chomwe ukuthawacho, kuyambira chaching'ono, mpaka thupi litaona lokha kuti mantha amakwera n'kutsika popanda tsoka lililonse. Mankhwala aliponso, monga sertraline ndi fluoxetine. Amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Diazepam ndi anzake amatonthoza msanga koma thupi limawazolowera, n'chifukwa chake madokotala amawapereka kwa masiku ochepa okha. Musagawane mapiritsi amenewa ndi mnzanu.

Dalaivala:
Zimenezo n'zomwe zinandithandiza ine. Yemwe anayamba kuzindikira ndi mayi a kunyumba, ataona kuti ndikukana ntchito. Nditawauza sanandiseke. Phungu yemwe tinamupeza anandiphunzitsa kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, motalika kuposa pokoka. Kenako anati ndibwerere pamzere womwe uja, poyamba wina akuyendetsa ine nditakhala pambali, kenako ndekha nthawi yomwe magalimoto achepa. Tsiku loyamba chiwongolero chinanyowa ndi thukuta. Mantha anabwera ndithu, ndinawasiya, anapita. Mpaka pano amabwera nthawi zina, koma ndimawazindikira ndipo sindipatukanso. Amuna anzanga omwe mukuwerenga mwakachetechete, ine ndinataya ndalama zambiri chifukwa chobisa.

Agogo Aamuna:
Ndiye mwaona, mankhwala ake ndi kulimba mtima n'kukumana nacho chinthucho. Si zomwe ndimanena zija? Mwana ukamutchingira chilichonse adzaopa chilichonse.

Wophunzira za Maganizo:
Pamenepo tikugwirizana Agogo. Mwana yemwe makolo amamuyankhira mafunso onse, kumuchotsera chopinga chilichonse, sapeza mpata wophunzira kuti angathe. Kusiyana kwake n'kwakuti a Dalaivala sanakankhidwe kapena kunyozedwa. Wina anawakhulupirira kaye, anawafotokozera chomwe chikuchitika m'thupi, kenako anayenda nawo pang'onopang'ono. Mwana ukamukalipira kuti limba mtima, amangophunzira kubisa.

Ndipo anthu a msinkhu wanu ali ndi gawo lalikulu. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench cha m'ma 2006 ku Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzilimodzi, atakhala pa benchi panja pa chipatala. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti omwe anacheza ndi agogowo anapeza bwino kwambiri kuposa omwe analandira chisamaliro cha nthawi zonse. Njirayi yafalikira kumayiko ena.

Agogo Aamuna:
Kumvetsera ndimatha. Koma za kaleredwe sindinasinthe maganizo, tidzakambirananso.

Wongowerenga:
Pepani ndalowerera, ine sindilembalemba pano. Amuna anga amati sangagone osamwako mowa, amati umawachotsa maganizo. Poyamba linali botolo limodzi, pano achuluka. Amagonadi msanga, koma pakati pa usiku amadzuka mtima ukugunda, m'mawa manja akunjenjemera, ndipo sakufuna kumva za chipatala. Kodi imeneyi ndi nkhawa kapena ndi mowa?

Namwino Wopuma:
Achemwali, zikhoza kukhala zonse ziwiri, ndipo chimodzi chikukoka chinzake. Mowa umagonetsa ubongo kwa maola ochepa. Ukamatha m'magazi ubongo umadzuka mopyola muyezo, n'chifukwa chake amadzidzimuka pakati pa usiku mtima ukugunda. Mawa lake nkhawa imakhala yaikulu kuposa dzulo, ndiye amawonjezera botolo. Kunjenjemera kwa m'mawako n'chizindikiro choti thupi layamba kuudalira.

Chonde musawakakamize kusiya lero ndi lero paokha. Munthu yemwe wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka kapena kusokonezeka mutu, ndipo zimenezi zimatha kupha. Asiye mothandizidwa ndi achipatala. Ngati mawu oti mowa kapena maganizo akuwakwiyitsa, yambirani pa zomwe iwo akuzivomereza: tulo ndi mtima. Auzeni kuti mukufuna mupite limodzi akayezetse mtima ndi BP, ndipo musankhe nthawi yomwe sanamwe. Mukafika, muuzeni dokotala zoona zake za kuchuluka kwa mowawo, chifukwa popanda zimenezo akhoza kupatsidwa mapiritsi ogonetsa omwe ndi oopsa akaphatikizana ndi mowa. Ngati pali mchimwene wawo kapena mnzawo yemwe amamumvera, mupempheni akuthandizeni kulankhula nawo.